Dzenje la Che Jafali

(Loweruka mbandakucha, kwa Mponda ku Mangochi. Tambala akulira. Kukumveka khasu: gu! gu! gu!)

ABITI SAIDI: Ndani akukumba pansi pa mango anga kusanache? Che Jafali! Kwagwa maliro kodi?

CHE JAFALI: Assalamu alaikum, Abiti Saidi. Tsitsani mawu, anthu angamve. Ndipo mangowa si anu nokha, mizu yake ili kwanga.

ABITI SAIDI: Wa alaikum salaam. Ndiye mwati muzule mizu yanuyo?

CHE JAFALI: Mizu ndiitani ine? Ndikufuna chuma cha Che Qarun.

ABITI SAIDI: Che ndani?

CHE JAFALI: Che Qarun! Khutuba ya dzulo simunaimve? Shehe ananena poyera kuti bamboyo makiyi okha a mosungira chuma chake ankalemetsa gulu la amuna amphamvu. Makiyi okha! Ine a golosale yanga ndi atatu, koma thumba la thalauza linabooka kale. Kenako nthaka inameza zonse, nyumba ndi mwini wake yemwe. Ndiye ine usiku wonse ndimaganiza: chomwe nthaka yameza chili m'nthaka momwemo.

ABITI SAIDI: Nthaka yonse ya Malawi, mwasankha pakhomo panga.

CHE JAFALI: Ndafufuza, mayi. Shehe anati Qarun anali wa mtundu wa Musa. Musa ndi uyu telala wa kuseri kwa msika, ndipo malo ano anali a agogo ake. Komanso dzinja lija pano panatitimira. Mukana?

ABITI SAIDI: Panatitimiradi. Chinali chimbudzi changa chakale.

(Khasu laima.)

CHE JAFALI: N'chifukwa chake dothi lake lili lofewa chonchi.

ABITI SAIDI: Pitirizani, mwatsala pang'ono kulemera.

CHE JAFALI: Komabe mwina chumacho chili kunsi kwa chimbudzicho. Musa telalayo amayenda ngati munthu wodziwa kanthu.

ABITI SAIDI: Astaghfirullah! Musa wake ndi Mneneri Musa, alaihi salaam! Wa nthawi ya Farawo, ku Iguputo!

CHE JAFALI: Ku Iguputo? (kachetechete) Basi yake imakhala zingati?

ABITI SAIDI: Inu munamva za makiyi, tulo n'kukutengani. Mkonono wanu timaumva mpaka kumbali ya amayi. Nkhaniyo ili mu Sura Al-Qasas, ya nambala 28. Qarun anthu ake anamulangiza kuti asadzitame, achitire ena zabwino monga Allah anamuchitira. Iye n'kuyankha kuti chumacho anachipeza ndi nzeru zake. Nthaka itamumeza, omwe dzulo lake ankamusirira anayamba kuthokoza kuti sanali iwo.

CHE JAFALI: Pa nzerupo ndiye tikufanana. Ine ndinayamba ndi ndowa imodzi ya usipa ku Makawa. Lero mukafika mu Limbe n'kutchula Jafali, mavenda amaimirira.

ABITI SAIDI: Amaimirira kuti akugwireni. Ndowa yake si ija munaimenya ndi mwala kunsi kuti ilowe m'kati? Pogula kwa asodzi mumatenga yaikulu, pogulitsa mumatulutsa yopindikayo.

CHE JAFALI: Inagwa pa njinga!

ABITI SAIDI: Inagwa mwanzeru. Ochepetsa muyeso ali ndi sura yawoyawo, Al-Mutaffifin, ya nambala 83. Mukafunse shehe, koma mutamwa tiyi kaye.

CHE JAFALI: Nsanje basi. Mudzi uno wolemera ndine ndekha, zimakuwawani.

ABITI SAIDI: Alhamdulillah, mwanena nokha. Zakaat munapereka liti?

CHE JAFALI: Za... ndani walemera? Ine? Mayi, onani nsapatozi.

ABITI SAIDI: Chuma chikafika pa mtengo wa magalamu 85 a golide, n'kukhala nanu chaka chathunthu, mumachotsa 2.5 peresenti. Pa K1,000,000 iliyonse ndi K25,000 yokha.

CHE JAFALI: Yokha! Zangatu sizikhala chaka, zimayendayenda.

ABITI SAIDI: Katundu wa m'golosale amawerengedwanso.

CHE JAFALI: Golosale yake iti? Kakhumbi kaja? Kunena zoona woyenera kulandira zakaat m'mudzi muno ndine.

ABITI SAIDI: Posachedwapa mavenda amaimirira, pano mwasanduka masikini. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zomwe shehe ankaphunzitsa inu muli kutulo ndi qana'ah, kukhutira ndi zomwe Allah wakupatsa.

CHE JAFALI: Ndiye nditseke golosale, ndizingokhala pakhonde kudikira mpunga ugwe kumwamba?

ABITI SAIDI: Ayi, ntchito gwirani, phindu la halali idyani. Koma mtima usamawerenge nkhuku za eni.

CHE JAFALI: Eya! Pa kuwerengapo mwafika pabwino. Ndani amawerenga mango ali mumtengo? Ndani anathamangitsa ana a madrasa ndi chipande chifukwa cha bango limodzi, lakugwa lokha, lodyedwa kale ndi mleme?

ABITI SAIDI: Linali la boloma limenelo!

CHE JAFALI: Ndipo ndani amathyola ndi tochi swala ya Subuhi isanakwane, kuti opempha akamadzuka apeze masamba okhaokha? Nkhani imeneyo ndinaimva ndili maso, mu Sura Al-Qalam. Eni munda anapangana kukakolola m'mamawa kuti wosauka aliyense asalowemo. Tsoka linagwera mundawo iwo ali mtulo. Atafika anayesa asochera.

ABITI SAIDI: Ine ndimathawa dzuwa.

CHE JAFALI: Ndowa yanganso imathawa dzuwa.

ABITI SAIDI: (akuseka mobisa) Kwirirani dzenjelo mbuzi zanga zisanagweremo. Ana a madrasawo muwauze abwere Asr ikatha, dengu limodzi ndi lawo. Limodzi! Inu ndowa ija mukaiwongole.

CHE JAFALI: Ndikaimenya mbali inayo, Insha Allah. Koma kukwirira ndi ntchito, mayi. Tiyi alipo?

ABITI SAIDI: Mukumbe nokha, ndikulipireni ine?

CHE JAFALI: Wa mkaka. Shuga masipuni anayi.

ABITI SAIDI: Awiri.

CHE JAFALI: Atatu. Yachitatuyo ikhale sadaka yanu, ine ndikuthandizeni kupeza malipiro.

ABITI SAIDI: Khasulonso ndi langa, Che Jafali. Munabwereka Ramadhani yathayi.

(Nyimbo yotsekera.)