Mlandu wa Noah ya Pakhomo

Pa milandu yonse imene imazengedwa m'makomo a m'tauni, wa galimoto yokalamba ndiwo suweruzika. Wa mwana amene walephera mayeso a MSCE umatha ndi kulira kwa sabata imodzi. Wa mlamu amene anabwera kudzagona masiku awiri n'kutha miyezi isanu ndi itatu nawonso umatha tsiku lomwe ufa wathera mundowa. Koma wakuti Noah ikonzedwenso kapena igulitsidwe umabwera mwezi ndi mwezi, makamaka cha pa 20, pomwe malipiro asanduka mbiri yakale.

Mlanduwu uli ku Area 25, uli ku Chirimba, ulinso ku Chibavi ku Mzuzu. Woimbidwa mlandu amangosiyana dzina. Kwa ena ndi Noah kapena mnzake Voxy, zomwe kampani ya Toyota inayamba kupanga mu 2001. Kwa ena ndi Sienta ya mipando isanu ndi iwiri, yomwe inatuluka mu 2003. Mbiri yawo njofanana. Ku Japan galimoto imakayesedwa pakatha zaka zitatu chigulireni, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo mayesowo amadya ndalama moti ambiri amaona kuti bola kungoigulitsa. Choncho Noah imene mwini wake ku Nagoya anatopa nayo inakwera sitima yapamadzi n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam. Kuchoka apo mnyamata wina wosadziwa tulo anaithamangitsa usana ndi usiku, kudutsa pa chipata cha Songwe, kukwera chitunda cha Chiweta, mpaka kudzaiimika pakhomo ili mbuu ndi fumbi. Tsiku limenelo inali ndi zaka khumi zakubadwa, koma aliyense ankati bambo agula galimoto yatsopano. Abusa anabwera kudzasanjika manja pa boneti.

Chiyambire tsikulo, banjali limakhala ndi mayi wina wa ku Japan amene amalankhula m'mawa uliwonse bambo akangopotoza kiyi. Mayiyo amangodandaula kuti sakuliona khadi lolipirira pa zipata za misewu ya kwawo, koma agogo atamumva koyamba anamuyankha mwaulemu kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu anzathu." Wailesi nayo inabwera ndi malamulo akwawo: imalekezera pa 90 FM, ndiye nyumba zoulutsira mawu zomwe zili pamwamba pa nambala imeneyo zimamveka kwa aneba okha. Mapu a pa kasikirini amaonetsa kuti galimoto ili pakati pa nyanja, ngakhale ili pa mzere wa mafuta ku Kanengo.

Papepala, Noah ndi ya anthu asanu ndi atatu. Paulendo wa ku chinkhoswe ku Ntcheu imanyamula khumi ndi anayi, osawerengera ana apamiyendo, ndowa ya thobwa ndi tambala wa ankhoswe. Pobwerera imaonjezera matumba atatu a chimanga, mbatata ya kachewere ya pa Lizulu, ndi thumba lina lofunditsidwa chitenje limene aliyense m'galimotomo walumbira kuti si makala. Dzina la pa buluu buku ndi la bambo, inde, koma galimotoyo ndi ya mtundu wonse. Ndiyo ambulansi ya azakhali usiku wa manenanena, ndiyo basi ya ana asukulu a nyumba zitatu, ndiyo imatsogolera amayi a mvano akamapita kukacheza ku mpingo wina. Onsewa potsika amati, "Ambuye akudalitseni, bambo." Pa filing'i siteshoni madalitsowo sawalandira.

Matenda anayamba pang'onopang'ono. Chitseko chotsetsereka, chija chinkadzitsekula chokha ana a aneba n'kumaombera m'manja, lero chimafuna anthu awiri: wina kukoka kunja, wina kumenya ndi chigongono mkati. Kanyali kachikasu ka injini kanayaka chaka cha mliri wa Covid-19, ndipo bambo anakachiza pomatapo tepi yakuda. Mashoki anatsanzika kalekale m'maenje a misewu ya m'makwalala. Bambo anaphunziranso luso lina limene saphunzitsa kusukulu zoyendetsa galimoto: pofika pamalo, iwo amayamba ayang'ana ngati pali anyamata amphamvu ndi galimoto ina yoti ingabwereke batire, kenako ndiye n'kupereka moni.

Zikafika povuta, ulendo ndi wa ku Biwi, kapena ku Ndirande kwa a ku Blantyre, komwe pansi pa mtengo uliwonse pali galaja ndipo mnyamata aliyense wa ovolosi yakuda ndi injiniya. Makaniko wa banjali safulumira. Amazungulira galimoto kawiri, n'kuuza bambo kuti ailize. Amapendeketsa mutu, kutsinzina diso limodzi, n'kumvetsera.

"Madala, apa palibe nkhani. Ka sensa chabe."

"Si sensa yomweyo munasintha mwezi watha?"

"Ija inali ya kutsogolo, madala. Iyi ndi inzake."

Sikuti makanikoyo ndi wabodza nthawi zonse ayi. Noah zoyambirira zija zinabwera ndi injini yotchedwa 1AZ-FSE, imene amakaniko amangoti D-4. Injiniyi imapopera petulo mwachindunji m'masilinda, ndipo ikakalamba imadzadza mwaye m'njira za mpweya, n'kuyamba kunjenjemera ndi kuzima pa mphambano. Zambiri mwa galimotozi zilinso ndi giyabokosi ya CVT, yomwe imafuna oyilo wakewake. Wina akathiramo oyilo wa giyabokosi wamba poti ndi wotchipa, imayamba kulira mokoka, kenako galimoto imakana kukwera ngakhale kachitunda ka pa geti. Zonsezi makaniko amazidziwa. Chimene sanganene n'chakuti kasitomala amene wamuphunzitsira ana awiri kusekondale asiye kubwera.

Kenako pamabwera nkhani ya sipeya, yomwe ili m'magulu atatu. Pali "orijino", yomwe mtengo wake bambo akaumva amafunsa kaye ngati pali pokhala. Pali "ya ku Dubai", yonyezimira bwino m'katoni, yomwe imagwira ntchito mpaka Lachisanu. Ndiye pali yochotsa pa galimoto inzake imene inafa kale, yomwe wogulitsa amailumbirira kuti, "Iyi bwana yangotsika kumene, ikadali ndi fungo la ku Japan." Bambo amasankha yachitatuyi, n'kulipiranso ya kabaza woti akaitenge, ya fanta wa anyamata, ndi ya sipanala ya nambala 10 imene akuti inasowa pokonza galimoto yawo yomweyo ulendo watha.

Kunyumba, woimira boma pa mlanduwu ndi mayi. Iwo ali ndi kope, lija amalembamo za banki mkhonde, ndipo kumasamba akumapeto kuli mutu wakuti "Galimoto". Muli batire, muli matayala awiri akaunjika, muli pampu ya mafuta kawiri, muli COF ndi inshuwalansi, mulinso chindapusa cha pamsewu cha nyali yakumanzere. Usiku ana akagona, kopelo limatsekulidwa.

"Bambo a m'nyumba muno, mwaona kuti ndalama mwathira mu chigalimoto chanuchi chaka chino zikanamaliza mpanda?"

"Mayi, galimoto ija injini yake ndi yaiwisi. Zimene zikuvuta ndi zing'onozing'ono."

"Zing'onozing'onozo ndiye zatidyera mpanda."

Galimoto ikamayenda bwino imakhala "yathu". Ikafa pa mphambano ya pa Area 18 nthawi ya m'mawa, mayi atavala zakuukwati, imasanduka "chigalimoto chanuchi".

Akapanikizika chotere, bambo amatenga foni n'kulowa pa Be Forward kapena SBT, komwe amuna ambiri a m'tauni amapita usiku kukagula galimoto m'maloto. Kumeneko Noah yooneka bwino, yamtundu wa siliva, imaoneka yotchipa zedi, mpaka munthu atadina pamene pamaphatikiza ndalama ya sitima kukafika ku Dar es Salaam. Mtengo umalumpha. Ndipo mtengowo ndi wa madola. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Umenewo unali mtengo wa kubanki, komwe madolawo munthu amachita kuwalembera kalata n'kumadikira. Kwa anyamata oima pakona ndi kachikwama kapamimba, dola ilipo nthawi iliyonse, koma mtengo wake ndi wina. Galimoto ikafika pa Songwe, a MRA nawo amadikira ndi msonkho umene umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto: ikapitirira zaka zisanu ndi zitatu msonkho umakwera, ikapitirira khumi ndi ziwiri umakweranso. Ndiye kuti yotchipa ku Japan ija, poti ndi yokalamba, ndi yomwe imalumidwa kwambiri pachipata. Bambo amawerengera pa kakyuleta ya mufoni, kufufuta, kuwerengeranso, kenako n'kuzimitsa foni. M'mawa mwake amapezeka akupukuta Noah yawo ndi chikondi chachilendo.

Poti mutu umodzi susenza denga, nkhaniyi imafika kwa alangizi, ndipo alangizi a galimoto m'tauni sasowa. Mnzawo wa kuntchito, amene amayenda pa minibasi chiyambire ntchito, amati, "Akulu, gulitsani. Galimoto ikayamba kudya ndalama ndiye kuti yatha." Mkulu wa mpingo amene ali ndi Voxy yofa kuseli kwa nyumba amati asagulitse, ndipo amafunsa mwachifatse ngati alitaneta yake ikadali yabwino. Achimwene a kumudzi amaimba foni okha, chinthu chosachitikachitika, kudzanena kuti amva mphekesera ndipo mtundu sungalole. "Nanga malemu akatisiya tidzayenda bwanji?" Palibe amene wafunsa kuti malemuwo ndani, poti aliyense akudziwa kuti sadzasowa. Mlamu uja amati agule Fortuner basi, munthu wa udindo ngati iwo sayenera kumayenda m'galimoto yonga ya mataxi. Akamanena izi amakhala akudya nsima ya pakhomo pomwepo.

Pa alangizi onsewa palibe amene amatulutsa chikwama.

Tsiku lina bambo amalimba mtima n'kumata pepala la "For Sale" pagalasi lakumbuyo, chithunzi n'kuponya pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Chithunzicho amajambula mbali imene ilibe chibonyo. Mawu ake ndi omwe aja amalemba aliyense: injini sinatsekulidwepo, mapepala onse ali bwino, imayendetsedwa ndi mayi popita kutchalitchi basi. Amene amabwera ndi madobadoba atatu pa wogula mmodzi, aliyense akufuna yake ya pamwamba. Wogulayo, mnyamata wofuna kuiika pa msewu wa ku Mchinji kuti izinyamula anthu, amamenya tayala ndi phazi, kusuzumira kunsi, kununkhiza oyilo, kenako n'kusendeza tepi yakuda ija ndi chikhadabo. Mtengo umene amatchula ndi wosakwana n'komwe ndalama za m'kope la mayi. Bambo amakwiya ngati atukwanidwa pamaso pa apongozi. Munthu amene dzulo lomweli amaitcha galimotoyo chiphakasa lero akuiikira kumbuyo: inapita ku Karonga n'kubwerako osazima, inanyamula mkwatibwi wa ankolo ake a mnyamata yemweyo mwina. Pepala lija limachotsedwa madzulo omwewo.

Pali njira yachitatu imene palibe banja limaisankha koma ambiri amafikako. Galimoto imaimikidwa kuseli "podikira giyabokosi". Batire imapita kukayatsa nyali nthawi ya kuzima kwa magetsi. Matayala amabwerekedwa ndi mkulu wa mpingo uja, galimoto n'kukhala pa njerwa. Pakutha kwa dzinja mkati muli makasu, matumba a fetereza ndi nkhuku yofungatira pampando wa dalaivala. Aliyense wodutsa m'makwalala a Chilinde kapena Bangwe waziona galimoto zoterezi, ndipo mwini wake ukamufunsa amayankha kuti ili bwinobwino, yangotsala pang'ono.

Noah ya banja lino sinafike pa njerwa. Lachitatu lina, ili kwa makaniko sabata yachiwiri, foni inalira mbandakucha: amalume a bambo atsikira kuli chete ku Ntcheu, mwambo wa maliro ndi Lachisanu. Pofika 7 koloko anthu khumi ndi mmodzi anali ataimba kale kufunsa kuti galimoto inyamuka nthawi yanji. Mayi sanatsekule kope kumasamba akumapeto. Anatsekula koyambirira, n'kukatenga ngongole ku banki mkhonde ya chiwongoladzanja cha mwezi umodzi. Makaniko anagwira ntchito usiku ndi nyali ya foni, n'kuikamo pampu yochotsa mu Voxy ya mkulu wa mpingo, yemwe anavomera atalonjezedwa mpando wakutsogolo.

Lachinayi masana Noah inatuluka pa geti itadzaza mpaka pagalasi, amayi akuyeserera nyimbo kumbuyo, ndalama za pa zipata za msewu zikusonkhedwa kuchokera m'mipango. Makaniko anabwera yekha kudzaiperekeza. Anapatsa bambo chigubu cha madzi cha malita asanu, waya wa kopa ndi sipanala ya nambala 10 ija inasowa.

"Ifika, eti?" anafunsa bambo.

"Ifika, madala, osadanda. Koma mukangodutsa pa Dedza mundiflashe, ndidziwe ngati ndigone kapena ndiyambe kusaka thiransipoti."