Chuma chonse chili m'katoni

Pamene ife tikulirira mtengo wa shuga ndi feteleza, ku Britain nakonso kuli chisoni, koma olira ake ndi madala a imvi omwe akudandaula kuti zidole zakwera mtengo. Zidole zake ndi timitu ta sitima za malasha, totalika ngati chinangwa chimodzi, toyenda ndi magetsi pa kanjanji koyala pa tebulo. Kabwino masiku ano kamapitirira mapaundi 200, ndipo kakakhala koliza wezulo ndi kupuma wefuwefu ngati sitima yeniyeni, onjezanipo ena. Ndalama imeneyi mukati muisinthe m'makwacha, kalukuleta imayamba yapempha madzi akumwa. Wina afunsa kuti ine, munthu wa njinga yopanda mabuleki, nkhani ya sitima ndailowa ndi mwendo uti. Ndailowa monga katswiri wa katoni, ndipo mlandu wanga ndi wakuti pa malonda amenewa chamtengo ndi katoniyo, sitimayo ndi mlendo wongogonamo.

Umboni ulipo. Pakati pa ogula ndi ogulitsa tisitima takale, kasitima kokhala m'katoni yake yoyambirira, yosang'ambika ndi yosanyowa, kamagulidwa ndalama zambiri kuposa kamnzake kofanana nako ndendende koma kopanda katoni. Kakakhala kuti sikanatulutsidwepo n'komwe, mtengo umakwereranso. Chotsani mtengo wa kopanda katoni pa mtengo wa ka m'katoni, chotsalacho ndiwo mtengo wa pepala. Masamu amenewa andipatsa ulemu womwe ndinausowa kalekale, poti kwanga katoni ndiyo wadiropu, ndiyo sutikesi, ndiyo banki yosungira ziphaso, ina n'kukhala chipatala cha amayi a nkhuku. Anthu ankati ndine wosauka, osadziwa kuti ndangosowa tisitima toika m'katimo. Ngakhale sitima yeniyeni ya Flying Scotsman, yomwe inapangidwa ku Doncaster mu 1923, a nyumba yosungira sitima zakale ku York anaigula mapaundi 2.3 miliyoni okha mu 2004, ndipo ndikukhulupirira kuti anaitchipitsa chifukwa mwini wake anataya katoni. Yathu ija yoima pabwalo ku Chichiri Museum vuto lake ndi lomwelo.

Eni zidolewa andikalipira kuti mtengo ukukwera chifukwa luso lakwera, ndipo pamenepa sakunama. Frank Hornby wa ku Liverpool atayamba kugulitsa sitima zake mu 1920, zinali zachitsulo, zopukusa ndi kiyi, zoti mwana akhoza kuzigwetsa pa khonde n'kuzitola zikuyendabe. Za lero, zomwe kampani ya Hornby inasamutsira ku mafakitale a ku China kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zili ndi tizidutswa tambirimbiri tomata ndi manja: timapaipi toonda ngati ulusi, tizogwirira, tinyale, ngakhale timalembo toti uwerenge ndi galasi lokuza. Wogwira ntchito yotereyi ayenera kulipidwa, ndipo poti amapanga zochepa, aliyense wogula amasenza gawo lalikulu la mtengo wa chikombole. Zonsezi ndavomera. Koma luso likamakwera, kasitimako kamanka kafooka. Ukakagwira ndi chala cholakwika kapaipi kathothoka, ukakayetsemulira kanyale kagwera pansi pa mpando, ndiye mwini wake amakabwezera kuti? M'katoni. Luso lonseli ntchito yake ndi kulimbikitsa udindo wa katoni.

Chondisangalatsa kwambiri ndi gulu lina la madalawa lomwe anzawo amalinyoza kuti limawerenga timisomali. Amatenga chithunzi cha Mallard, sitima yomwe inathamanga mamailosi 126 pa ola mu 1938, n'kumafananiza ndi chidole, msomali ndi msomali, ndipo ukasowa umodzi kalata yodandaula yalembedwa. Chonsecho kanjanji komwe chidolecho chaimapo n'kolakwika. Tisitima tofala ku Britain, ta mtundu wa OO, timachepetsedwa ka 76, koma njanji yake ndi ya mamilimita 16.5, yobwerekedwa ku mtundu wa HO womwe umachepetsedwa ka 87. Mukachulukitsa 16.5 ndi 76 mupeza mamilimita 1,254, pamene njanji yeniyeni kumeneko ndi 1,435. Ndiye kuti munthu akukangana za batani la malaya pamene buluku lalekeza m'katumba. Ena mwa iwo anaona manyazi n'kuyamba kudzipangira njanji yoyenera, koma ambiri anangotsinzina diso limodzi. Katoni yokha ndiyo imatuluka m'fakitale ndi muyeso wolondola.

Atsala ndi oti ichi si chidole, ndi chuma chosungira adzukulu. Awa ndiwamvere chisoni. Zitsulo zina za m'tisitimati ndi zosakaniza za zinki, ndipo mukagwera kamtovu pang'ono posungunula, chitsulocho patapita zaka chimafufuma, kung'aluka, n'kuyoyoka chokha popanda wochikhudza. Mdala amatsegula katoni yomwe waisamala zaka makumi awiri n'kupezamo zinyenyeswa, ngati chimanga chomwe anankafumbwe anachitiramo msonkhano. Katoniyo ili gwa, yosasintha, yokhulupirika. Komanso chuma chimafuna wogula, nanga wogulayo achokera kuti? Mu 2024 sitolo ya Hattons, yomwe inayamba ku Liverpool mu 1946 n'kukhala imodzi mwa zikuluzikulu pa malondawa, inatseka zitseko.

Apa ndiye nthabwala zindithere. Madala amene akulira lerowa anaikonda sitima ali ana, atagona chafufumimba pansi, akuigwira, kuigwetsa ndi kuikonzanso. Atakula n'kupeza penshoni, anapempha opanga kuti awapangire zokongola zosagwirika, opangawo n'kutsatira kumene kuli thumba. Mwana wa lero amauzidwa kuti aonerere manja ali kumbuyo. Inde, Hornby ili ndi mtundu wotchipirako wotchedwa Railroad, wa tizidutswa tochepa ndi wolimbirako, koma ulemu wonse umapita kwa zosagwirikazo, ngati kuti kuseweretsa chidole ndi kuchinyoza. Mwana wopinda galimoto ya mawaya n'kuiyendetsa m'fumbi mpaka teyala la chitsekerero litaguluka ali ndi chidole chabwino kuposa cha mapaundi 200 chomwe sichinaonepo dzuwa, poti chake chikugwira ntchito yomwe anachipangira.

Choncho inu amene muli ndi abale ku Manchester kapena ku Leeds, akakhala ndi kasitima kotere pamwamba pa kabati, auzeni akatsitse, akapereke kwa mwana wapafupi. Katoniyo asataye. Atumize kuno, nkhuku yanga ina yayamba kuikira.