Za ulele zinandithera bandulo

Anthu amene ali ndi abale ku Joni amalandira zinthu zosiyanasiyana. Ena mabulangete, ena njinga, ena firiji yobwera pangolo ya basi itakulungidwa m'makatoni. Ine mlamu wanga ananditumizira laputopu. Pa foni ananena kuti ndi yolimba kwambiri, ndipo sananame. Tsiku limene inandigwera paphazi, chimene chinavulala ndi phazi.

Ndi ya m'chaka cha 2006. Pakona pake pali kapepala komata kolembedwa kuti Windows XP, kotuwa, kokanuka m'mbali. Zilembo A ndi E zinafufutika kalekale, pangotsala timaenje tonyezimira pamene zala za mwini wake woyamba zinkagunda. Batire lake linatsogola, moti imayaka pokhapokha chingwe chili pakhoma. Wina wake m'njiramu anaikamo Windows 7, ndipo ndikaiyatsa m'mawa, mayi akunyumba ankakoleza mbaula, kutereka madzi, madzi kuwira, tiyi kumwa, makapu kutsuka, iyo ikadali kuzungulitsa kamkombero pa sikirini.

Mnyamata wokonza mafoni pamsika anaitembenuza uku ndi uku, n'kuinunkhiza pomwe pamatulukira mphepo. "Bwana," iye anati, "XP anasiya kuisamalira mu 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ngakhale Windows 10 anaisiya mu Okutobala 2025. Windows 11 imafuna RAM ya 4 GB. Yanuyi ili ndi imodzi." Anandibwezera ndi manja awiri, n'kundilangiza kuti ndizitsekerezera chitseko nthawi ya mwera.

Amene anandiponya m'mavuto ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ali ku koleji. "Malume, ikanimo Linux. Ilipo yopepuka, yopangidwira makompyuta okalamba, ndipo ndi yaulele." Zina zimene ananena pambuyo pa mawu omalizawo sindinazimve. Ndinangotolapo zakuti anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991, ali mwana wa sukulu ku yunivesite ya Helsinki ku Finland. Ndinadziuza kuti chinthu chopangidwa ndi mwana wa sukulu sichingagonjetse bambo wa ana anayi amene anakonzapo wailesi ndi mpeni. Madzulo omwewo ndinalengeza pabawo kuti ndayamba za makompyuta.

Linux si imodzi. Ilipo mitundu yambirimbiri, ndipo aliyense amene amagwiritsa ntchito mtundu umodzi amanyoza inayo. Mphwanga anatchula Puppy, ya bambo wina wa ku Australia dzina lake Barry Kauler, yomwe inayamba mu 2003, yaing'ono moti yonse imakwana mu RAM. Nditaona kuti chizindikiro chake ndi nkhope ya kagalu ndinakana. Ndine mkulu wa mpingo. Ndinasankha Lubuntu, ndinagula bandulo ya usiku, n'kukhala maso anthu onse ali mtulo, ndikuyang'anira kamzere kakukwawa. Tambala akulira, dawunilodi inatha. Ndinaika pa fulashi mmene anandiphunzitsira, n'kuisomeka.

Laputopu sinaione fulashiyo. Inangopitiriza kuyatsa Windows yake yakale modekha. Kuti kompyuta iyambire pa fulashi, umayenera kudina batani lina lake ikangoyaka, usanaphethire. Makompyuta ena ndi F12, ena F9, ena F2, ena Esc, ndipo palibe amene anagwirizana ndi mnzake. Ine ndinathetsa mkanganowo potambasula zala khumi n'kudina onse pamodzi. Laputopu inalira mokuwa, galu wa aneba n'kuyankha, koma sikirini yabuluu ya BIOS inatseguka.

Mmenemo ndinapezamo nkhani yomvetsa chisoni. Deti linkasonyeza 1 Januwale 2006. M'kati mwa makompyuta ambiri muli kabatire kozungulira, kaphwatalala, ka mtundu wa CR2032, kamene kamasunga nthawi magetsi akazima. Kanga kanatha mphamvu zaka zapitazo, ndiye nthawi iliyonse ndikazula chingwe, laputopu imabwerera kwawo. Kwa iyo, pulezidenti akadali Bingu wa Mutharika, ndipo ndalama yaikulu m'dziko muno ndi K500. Ndinaichitira kansanje pang'ono.

Fulashi itayamba, panatuluka mizere iwiri ya Chingerezi yondiuza kuti pulogalamuyi imafuna purosesa ya 64-bit, pamene yanga ndi i686, kutanthauza 32-bit. Ndinaimbira mphwanga. "Aa, pepani malume, a Lubuntu anasiya za 32-bit itadutsa 2018." Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere dzulo. Anati sindinafunse. Mayi, amene ankamva ali kukhitchini, anatchula mwambi wa Safunsa ndi phula lake, mokweza kuti ufike pabalaza.

Mphwanga anabwera Loweruka ndi fulashi ina, ya Debian 12 ya mu 2023. Anati imeneyi ikadalandirabe nkhalamba za 32-bit, koma Debian 13 ya mu 2025 nayonso yazitsekera kunja, choncho laputopu yanga yakwera basi yomaliza. Anandisiyira n'kupita ku mpira.

Kuika kwake kunali kufunsidwa mafunso. Chinenero, dziko, dzina, pasiwedi. Kenako inafunsa ngati igwiritse ntchito disiki yonse. Ine ndine munthu wopatsa, ndinavomera. Pa disikipo panali zithunzi za ukwati wa mlamu, nyimbo zake zonse za Lucky Dube, ndi kalata ina yofunsira ntchito ku Germiston. Mlamu sanafunsepo za izo, nanenso sindine wokonda kuyambitsa nkhani. Kamzere katafika pakati, magetsi anazima. Laputopu yopanda batire sitsanzika. Ndinakhala mumdima ndikumvetsera udzudzu, ndipo magetsi atabwera tinayambiranso pa chinenero, dziko, dzina.

Koma itatha, abale, inayaka. Ndi maonekedwe opepuka aja a LXDE, inafika pa sikirini madzi a tiyi asanayambe n'komwe kulira mu ketulo. Ndinaitana banja lonse. Ndinatsegula pulogalamu yolembera makalata, kuitseka, kuitsegulanso, kuti aone liwiro. Mwana wanga wamng'ono anafunsa funso limodzi lokha: "Adadi, YouTube ili pati?"

Pakona pamene pamayenera kuoneka timizere ta Wi-Fi panalibe kanthu.

Apa mpamene mphwanga anandilowetsa m'kabokosi kakuda kolembamo malamulo, kamene iwo amati terminal. Ankandiuza pa foni chilembo chimodzichimodzi, ine n'kumalemba ndi chala chimodzi. Kabokosiko kakapempha pasiwedi, ukamalemba sikaonetsa chilichonse, ngakhale tinyenyezi. Amati n'chitetezo, kuti woima kumbuyo kwako asawerenge kuchuluka kwa zilembo. Palibe anandichenjeza. Ndinagwedeza kiyibodi, ndinaiuzira, ndinaitembenuza chadodolido, ndipo munagwa nyenyeswa za buledi wa ku South Africa, tsitsi, ndi kachidutswa ka chikhadabo cha munthu amene sindidzamudziwa.

Lamulo lakuti lspci linandiuza dzina la kachipangizo ka Wi-Fi ndi nambala yake, 4311. Mphwanga atamva nambalayo anapuma mozama. Anafotokoza kuti Linux ili nayo kale pulogalamu yoyendetsa kachipangizoka, yotchedwa b43, koma kachipangizoko sikadzuka kasanapatsidwe kafayilo kena kake kotchedwa firmware. Kafayiloko n'ka kampani imene inapanga kachipangizoko, ndipo a Debian alibe chilolezo chokagawira anthu pa fulashi, ngakhale kuti kuyambira pa Debian 12 amaikamo ma firmware ena ambiri. Chimene amakupatsa ndi kapulogalamu kotchedwa firmware-b43-installer, kamene ntchito yake ndi kukatenga kafayiloko.

"Kukatenga kuti?" ndinafunsa.

"Pa intaneti, malume."

Ndinamupempha kuti abwereze pang'onopang'ono. Kuti ndipeze intaneti ndikufunika kafayilo. Kuti ndipeze kafayilo ndikufunika intaneti. Zili ngati kutsekera kiyi m'nyumba, kenako wina n'kukulangiza mwachikondi kuti ulowe ukamutenge.

Anati anthu ena amangosomeka chingwe cha netiweki kuchokera ku rauta. M'dera lathu lonse chingwe choterocho ndinachionapo kamodzi, ayanikapo matewera. Njira ina inali yolumikiza foni ku laputopu ndi chingwe cha USB, n'kuyatsa USB tethering, kuti laputopu imwe intaneti ya pa foni. Imeneyi Linux imaidziwa popanda kuipempha. Ndinasomeka, foni inayamba kutchaja, basi. Zingwe zina zotchipa zili ndi mawaya a magetsi okha, zilibe odutsamo uthenga, ndipo changa ndinachigula pa windo la minibasi. Chingwe chenicheni m'nyumba muno ndi cha mayi, chimene amachisunga m'chikwama cha kutchalitchi.

"Inu bambo, chingwe changa chikabwere ndi moyo."

Chinagwira. Koma laputopu inakana kutenga chilichonse, inati mafayilo a pa intanetiwo nthawi yake sinakwane. Inkanena zoona malinga ndi kalendala yake: munthu wa mu 2006 ukamupatsa kalata ya zaka pafupifupi makumi awiri kutsogolo ayenera kukayikira. Ndinaiuza deti ndi manja. Kenako ndinayenera kutsegula fayilo ina n'kuwonjezeramo liwu lakuti contrib, chifukwa kapulogalamu kaja amakasunga m'chipinda china. Ndinalemba contirib. Tinakangana ndi makina mpaka nsima inazizira, ine ndikunena kuti ndalemba, iwo akunena kuti sakudziwa chimene ndikunena.

Zitalongosoka, laputopu inaona kuti yapeza intaneti, ndipo inaganiza zokonzanso mapulogalamu ake onse. Inafunsa, ine wopatsa uja ndinadina Y. Uthenga wa pa foni unabwera mwaulemu kundiuza kuti bandulo yatha. Ndinagula ina. Inathanso. Ndalama ya ndiwo za Lamlungu inalowa mmenemo, ndipo tsikulo tinadya bonongwe wa kuseri kwa bafa, ana akundiyang'ana. Ndikawerengetsa mabandulo onse a ntchito yauleleyi, mtima umandiuza kuti ndisiye kuwerengetsa.

Firmware inalowa. Ndinazimitsa, kuyatsa, kukonza deti. Wi-Fi kunalibe.

Mphwanga, amene tsopano ankachedwa kuyankha foni zanga, anati ndilembe rfkill list. Panatuluka mizere iwiri. Wina unati Soft blocked: no. Winawo unati Hard blocked: yes. Anayamba kufotokoza kusiyana kwake, koma mayunitsi anathera pakamwa. Sindinadandaule. Ndinali nditafika pomadzidalira, ndipo ndinapeza ndekha lamulo lakuti rfkill unblock all. Ndinalilemba modekha, ndinalilemba mokalipa, ndinalilemba nditavula malaya. Lamuloli limamasula loko wa m'mapulogalamu yekha. Loko winayo ndi wa chala, ndipo palibe chimene ungalembe kuti achoke.

M'mawa mwake mayi ankakonza pabalaza. Anafika patebulo ndi kansalu kawo, kamene kale kanali malaya anga a chipani, n'kunena kuti chinthu chimene chadya ndiwo za ana chisakhalenso ndi fumbi. Anapukuta pamwamba, anapukuta m'mbali, anadutsitsa kansaluko kumphepete kwa kutsogolo. Panamveka kuti "tcha". Kagetsi kabuluu kanayaka. Pamenepo pali kaswitchi kakang'ono kotsetsereka, kakuda pa pulasitiki yakuda, kokhala ndi chithunzi cha kamlongoti chimene chinafufutika pamodzi ndi A ndi E. Malaputopu ambiri a zaka zimenezo anali nako, ena amagwiritsa ntchito batani la Fn.

"Bambo, kagetsi aka kamayenera kuyaka?"

Ndikufuna owerenga amvetse bwino mfundo iyi, chifukwa pakhomo pano ikupotozedwa. Popanda firmware imene ine ndinaika ndi thukuta langa ndi ndalama ya ndiwo, kaswitchiko akanakakankha mpaka Khirisimasi osaona kanthu. Ntchito yonse inali itagwiridwa kale. Mphwanga anavomereza zimenezi pamaso pa mboni, ngakhale ankaseka ponena.

Mayina a Wi-Fi za anthu anayamba kutuluka. Ina inali ndi dzina la mwana wa aneba, ina inalembedwa kuti Gulani Yanu, ndipo ndikudziwa mwini wake chifukwa ndi mmenenso amayankhira ukamupempha machesi. Hotspot ya foni yanga, imene inali pambali pa laputopu penipeni, sinaoneke. Makadi akale ngati kanga amamva 2.4 GHz yokha, pamene foni inkaulutsa pa 5 GHz. Izi anakonza ndi mwana wanga wa Sitandade 7, ndi chala chimodzi, kwinaku akutafuna chimanga chokazinga.

Lero laputopu ikugwira ntchito. Makalata a mpingo imalemba bwino, ndipo mayi asamutsiramo kaundula wa banki m'khonde. Ukatsegula Facebook imayamba kupuma mwabefu, fani imalira, mphepo yotentha imatuluka m'mbali mpaka kuumitsa mtedza. Linux ndi yopepukadi, koma masamba a pa intaneti a masiku ano sanapangidwire RAM ya 1 GB. YouTube imaonetsa munthu atayasamula kukamwa, mawu ake n'kufika iye atatseka kale.

Mbiri inawanda m'dera lonse kuti pakhomo pathu pamadzutsidwa makompyuta akufa. Dzulo madzulo kunabwera aphunzitsi ena opuma ntchito, atanyamula laputopu m'thumba la shuga. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, ndinawalandira ndi manja awiri n'kufunsa ngati ili ya 32-bit kapena 64-bit. Anandiyang'ana mwaulemu, n'kusuzumira kumbuyo kwanga.

"Zikomo bambo. Kodi mayi alipo?"

Mayi anayankha ali kukhitchini kuti akubwera, ndipo anandituma kuti ndikatenge kansalu pachingwe.