Mphaka wokwera minibasi

(Pakhonde, masana. Agogo akutongola chimanga. Mdzukulu wawo wangofika kuchokera ku Lilongwe atanyamula kabokosi kamabowomabowo.)

AGOGO: Takulandira, mdzukulu wanga. Koma m'kabokosimo mwalira kanthu. Ndi nkhuku ya ndiwo?

MDZUKULU: Ayi agogo, ndi mphaka wanga. Sindikanamusiya yekha ku Area 25.

AGOGO: Mphaka wakwera minibasi? Walipira zingati?

MDZUKULU: Ndinamufukata pamiyendo. Kondakitala amafuna theka, ndinakana.

AGOGO: Chabwino, wafika nthawi yake. Mtsegulire apite kunkhokwe, makoswe andimaliza.

MDZUKULU: Ameneyu satuluka panja. Chibadwire sanapondepo dothi.

AGOGO: Analakwanji?

MDZUKULU: Sanalakwe kanthu. Kutauni kuli magalimoto, agalu, ana a malegeni. Ndiye anthu amathira temeki paliponse. Khoswe akadya, mphaka n'kudya khosweyo, onse ulendo ndi umodzi. Wam'nyumba amafika zaka 15, ena kupitirira.

AGOGO: Zaka 15 akuchita chiyani?

MDZUKULU: Amagona, amadya, amasewera pang'ono.

AGOGO: Ngati amalume ako aja. Nanga akafuna kudzithandiza?

MDZUKULU: Ali ndi beseni la mchenga. Ndimawola m'mawa uliwonse.

AGOGO: Mayo ine! Tinagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti upite ku yunivesite, lero ukuwolera mphaka! Wanga amakumba yekha kuseri, n'kukwirira yekha, osadzutsa munthu. Suyo ali padenga la khola.

MDZUKULU: Dzina lake ndani?

AGOGO: Pusi. Amake analinso Pusi.

MDZUKULU: Koma mimba imeneyo si yokhuta, agogo. Ali ndi bere.

AGOGO: Kachiwiri chaka chino. Mwayi ali nawo.

MDZUKULU: Mwayi wanji? Mphaka amatha kutenga bere ali ndi miyezi 5 yokha. Ikakwana milungu 9 waswa, ana anayi kapena asanu. Asanaletse kuyamwa, watenganso lina. Ana onsewo amapita kuti?

AGOGO: Ena ndimagawira anthu. Mudzi uno nyumba iliyonse ndi apongozi a Pusi. Otsala ndimatuma mnyamata akawasiye kutsidya kwa dambo.

MDZUKULU: Agogo! Kumeneko amafa ndi njala.

AGOGO: Amafa kuti? Amafika kuno mnyamatayo asanabwere.

MDZUKULU: Mumutseketse basi. A LSPCA ku Lilongwe amachita opaleshoni imeneyi. Wamkazi amamuchotsa chiberekero, wamwamuna amamufula.

AGOGO: Zakulera zafika mpaka kwa amphaka? Ine ndinabereka asanu ndi anayi, palibe anabwera ndi galimoto kudzandifunsa ngati ndatopa. Ndipo mwamunayo mukamupeza kuti? Amabwera usiku, kuimba padenga mpaka tambala woyamba, kukacha kulibe. Ena amati ndi vumbwe.

MDZUKULU: Zimatheka, vumbwe ndi mphaka amaberekana ndithu. N'chifukwa chake ndikuopa chiwewe.

AGOGO: Chiwewe n'cha agalu.

MDZUKULU: Agalu ndiwo amafalitsa kwambiri, n'chifukwa chake a Mission Rabies atafika ku Blantyre mu 2015 anayamba kubaya agalu khomo ndi khomo. Koma mphaka akalumidwa ndi galu wachiwewe amatenga, ndipo iye akaluma mwana, zatha kulowa. Zizindikiro zikangoyamba palibe dokotala angabweze. Munthu akalumidwa azitsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Alangizi a ziweto akabwera ndi katemera, Pusi apite.

AGOGO: (Aleka kutongola.) Icho chokha ndamva. Ndinaonapo mwana akukuwa poona kapu ya madzi, amake atamugwira. Sindifuna kudzaonanso. Koma ukamugwire wekha, Pusiyo. Taona chipsera ichi. Anandikala ndikumumwetsa Panado atadwala chimfine.

MDZUKULU: Panado? Agogo, ameneyo ndi poizoni kwa mphaka! Ngakhale theka la piritsi limapha.

AGOGO: N'chifukwa chake analavula. Waona? Sukulu sanaiponde koma zamankhwala amazidziwa.

MDZUKULU: Komanso usiku muzimutsekera m'nyumba. Kunja kuli afisi, ndiponso amphaka oyendayenda amamaliza mbalame.

AGOGO: Usiku? Nthawi yomwe makoswe amalowa ntchito, mlonda ndimutsekere m'chipinda? Ayi mwana iwe, pamenepo mabuku akunamiza. Chimanga chili m'nkhokwecho chiyenera kundifikitsa Febuluwale. Wakoyo agone pasofa, chakudya chake chimachokera m'thumba mwako. Wangayu amalipidwa mitu ya usipa, ndipo amaigwirira ntchito. Mbalame akagwira imodzi, ana a kwa aneba agwira khumi ndi ulimbo.

MDZUKULU: Tigwirizane chonchi: katemera ndi kutseka, ndalama ndilipira ine. Zogona panja ndazisiya.

AGOGO: Ukalipira iwe, ngakhale mano akamutsuke. Koma timabisiketi wabweretsati tikununkha nsomba. Shuga anaiwala kuthira?

MDZUKULU: Agogo, chimenecho ndi chakudya cha mphaka!

AGOGO: (Akupitiriza kutafuna.) Ndiye mpake kunenepa. Tamutulutsa ndimuone nkhope.

(Mdzukulu atsegula kabokosi. Mphaka atulutsa mutu. Khoswe adumpha kuchokera m'dengu la chimanga n'kudutsa pamphuno pake. Mphaka abwerera m'kati chafutambuyo.)

MDZUKULU: Sanazolowere chabe, watopa ndi ulendo.

AGOGO: Tseka msanga, mwanawe, angamulume. Katemera wa makoswe anabayitsa?