Maso a nkhono pa doko la usipa

Akuluakulu amene adati kuona maso a nkhono n'kudekha ankayenda pa bwato la nkhafi, ndipo nkhafi sikana kudzuka. Akadafika lero ku Msaka kapena ku Senga Bay dzuwa likulowa, maboti ena atanyamuka kale kukasaka usipa, la inu lili phee ndi Yamaha Enduro 15 imene yadutsa m'manja mwa eni ake atatu, akadaona mwambi wawo ukutuluka thukuta.

Injini ikakana kulira, doko lonse limagwirizana chimodzi: ili ndi njala. Wina afinya kampira ka paipi ya mafuta, wina akoka choki, mnyamata wadzitho agwira chingwe mpaka phewa kuchita dzanzi. Chonsecho injiniyo yakhuta kalekale. Choki chimachepetsa mpweya kuti petulo achuluke injini ikazizira, basi. Mukapitiriza kukoka chingwe choki chili chotseka, petulo amanyowetsa mapulagi, ndipo pulagi yonyowa sithetheka moto. Munthu watsamwa nsima, inu mukumukankhira mbamu ina poganiza kuti yoyamba ija inachepa. Mphuno ikuuzani: fungo la petulo lili guu, pamadzi payandama mafuta.

Bwezerani choki, giya ikhale pa nyutulo, kwezerani moto mpaka pamene ikulola, mukoke kangapo kuti mpweya udutse. Ikakanabe, isiyeni mphindi 10 kapena 15. Wachangu amasule mapulagi, awapukute, aone ngati mpata wa kunsonga uli pafupifupi milimita 1, ndipo wa fodya asunthire kutali.

Mphindi 15 zimenezi ndiye zovuta, poti ndi pamene akatswiri amamera. "Bwana, imeneyi alipo waimanga. Dzulo inkalira bwinobwino." Atumiza mwana kukaitana ng'anga. Afika mkulu uja osathamanga, ayamba wafunsa za moyo, awaza mankhwala ake kutsogolo kwa boti, azungulira, alamula kuti aliyense achotse dzanja pa injini kufikira iye atamaliza. Nthawi yonseyo petulo akuuma. Mnyamata akoka kamodzi, injini buu! Ine ng'angayo sindimunena. Pa doko lonse ndi iye yekha amene wakwanitsa kuletsa anthu kufinya kampira, ndipo ntchito yotere ndi yoyenera malipiro.

Koma mwambiwu uli ndi malire, kudekha sikutsuka kabyuleta. Injini ikamamwa mafuta mopyoza tsiku ndi tsiku, kawirikawiri vuto lili pa kasingano ka fuloti kamene kamatseka petulo kabyuleta ikadzadza. Finyani kampira. Kakalimba, kasingano kakutseka. Kakamangofewa petulo n'kumadontha pa kabyuleta, ndiye kuti kasinganoko kadyeka kapena kadinda pa kachitsotso. Zitsotsozo musazifunefune kutali, zimabwera ndi petulo wa m'zigubu wothiridwa pamchenga popanda sefa. Komanso petulo wa kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, amene ku Dwangwa anayamba kupanga mu 1982, ndipo ethanol amakoka madzi n'kuononga timipira takale. Thanki yokhalitsa ndi mafuta nyengo yonse ya mwera isakudabwitseni.

Nanga oyilo? Injini zambiri za two-stroke zamtunduwu zimafuna 50:1, kutanthauza theka la lita pa malita 25 a petulo. Alipo eni maboti oyeza ndi maso, n'kuonjezerako pang'ono chifukwa choikonda injini. Chikondi chimenecho chimathera mu utsi wochuluka ndi mapulagi akuda bii.

Ndipo musanamasule kalikonse, yang'anani kachingwe kofiira kozimitsira injini. Kakachoka pamalo pake, moto sufika ku pulagi ngakhale mutadekha mpaka mwezi utatuluka. Anyamata amatha kukoka chingwe mosinthana, kutukwanizana, kukumbutsana ndi ngongole zachaka chatha, kachingweko kali m'thumba la bwana amene wapita kukagula mayunitsi.