Mbadwa ya Mzinda wa Blantyre, Kupatula pa Tsiku la Msonkho

Chiyambire pamene ndege zinayamba kutera pa Chileka, ife okhala m'mbali mwa bwalolo takhala ndi nthenda imodzi imene asing'anga sanaipezere mtengo, ndiyo kudziyesa anthu a mumzinda. Pakuti mlendo aliyense wochokera ku Johannesburg amauzidwa potsika kuti wafika mu Blantyre, chikhalirecho phazi lake laponda kufupi ndi pamene mbuzi zanga zidya msipu. Tsono ngati bwana wa chikwama chachikopa avomereza kuti pano mpa Blantyre, ndine yani ine kuti nditsutse?

M'chaka cha 2022 bungwe loyendetsa zisankho la MEC linatsiriza kuunikanso malire, nilichulukitsa madera a aphungu kuchoka pa 193 kufika pa 229, ndi madera a makhansala kuchoka pa 462 kufika pa 509. Pakumva mbiriyi mtima wanga unatumpha, ndipo ndinati ndithudi chingwe cha mzinda, chimene chakhala chikutizemba zaka zonsezi, tsopano achikoka pang'ono kuti chizinge khonde langa. Ndinavala jekete m'dzuwa la ku Lirangwe, kumene munthu wanzeru amayenda ndi malaya okha, ndipo ndinakalonjera alamu anga ndi mawu a munthu wotsanzika, ndikuwalimbitsa mtima kuti ngakhale ndikakhale wosankha akuluakulu a ku Civic Centre, sindidzaiwala abale a kumudzi.

Alamu anandimvetsera mwaulemu wonse, nandipatsa mpando ndi chikho cha thobwa, kenaka anati: "Alamu, mleme umauluka ndithu, koma pamsonkhano wa mbalame sauitana."

Ndipo kunatero. Pa 16 September 2025 ndinalandira pepala la khansala wa khonsolo ya boma la Blantyre, khonsolo yomweyo imene alamu anga atumizako wawo. Pamene makhansala okhala ku Chichiri, amene asankha mfumu ya mzinda mwa iwo okha, anasankhidwa ndi anthu a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, popanda wondifunsa maganizo. Ntchito ya MEC inali kugawa madera m'kati mwa makhonsolo. Mpanda wa mzinda unatsala pomwe unali, ndi ine kunja kwake, thukuta lili kamukamu m'jekete.

Koma kuti owerenga adziwe kukula kwa chikondi changa pa maboma aang'ono, ndiyenera kubwerera m'mbuyo. Lamulo la 1998 litabweretsa chiphunzitso cha mphamvu ku anthu, chisankho cha makhansala chinachitika mu November 2000, ndipo mwa anthu 100 alionse olembetsa anakaponya voti ngati 14 okha. Otsalafe tinali kumunda, pakuti mvula sidikira khansala. Nthawi ya osankhidwawo itatha mu 2005, dziko lino linakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe kufikira chisankho cha patatu cha pa 20 May 2014. Njala ya m'masiku a Yosefe inatha zaka 7, ndipo Aigupto onse anafuula kwa Farao. Yathu inatha zaka 9, ndipo ine, amene lero ndilirira khonsolo ya mzinda, ndinadya nsima ndi kugona tulo tabwino zaka zonsezo, osazindikira kuti pali kanthu kamene kasowa. Ngakhale pamene lamulo linasinthidwa mu 2010, madera a makhansala amene anali oposa 800 nadulidwa pafupifupi pakati, sindinakhetse msozi.

Chimene ndinaphunzira makhansala atabwerera n'chakuti khansala ndi munthu wothandiza kwambiri pa maliro. Mabuku amati ntchito yake ndiyo kutengera zofuna zathu ku khonsolo, kuyang'anira ndalama za chitukuko, ndi kuona kuti chiphaso chimene mayi a kunyumba amadula pamsika chisanduke chimbudzi ndi denga la msikawo. Koma ine muyeso wanga ndi bokosi, galimoto yonyamula olira, ndi thumba la ufa pasiwa. Pamene lamulo la zipani la 2018 linaletsa ofuna mipando kugawira ovota ndalama ndi katundu, ndinaomba m'manja pagulu monga nzika yoongoka, koma pofika kunyumba ndinakhala chete nthawi yaitali, kulingalira za ndalama ndi sopo zimene mbadwo wa ana anga sudzaziona. Alamu anga ali ndi muyeso wolemekezeka koposa: aliyense wopempha voti amamufunsa za msewu wa Lirangwe kupita ku Chingale ndi Machinga, ngakhale adziwa bwino lomwe kuti msewu wotere ngwa boma lalikulu, amangofuna kuona m'mene munthuyo anamira, kuti adziwe ngati ali ndi luso loyenera mpando.

Chisoni changa chinachizidwa ndi mnzanga wa ku Chirimba, amene tinakhala naye mpando umodzi m'minibasi. Iye, pomva kudandaula kwanga, anandifotokozera mofatsa madalitso a mzinda: kuti mwini nyumba amalipira khonsolo msonkho wa malo ndi nyumba chaka ndi chaka, ndi kuti munthu samanga ngakhale chipinda chimodzi mapulani ake asanavomerezedwe. Pamene anafika pa nkhani ya mbuzi, ndinamupempha kuti aleke, chifukwa chikondi cha dziko la makolo anga chinali chitandigwira mwadzidzidzi pakhosi.

M'mawa mwake ndinapita kwa anyakwawa nditapanira nkhuku m'khwapa, kukatsimikiza kuti dzina langa likadali m'buku la mudzi, makamaka tsamba lija amaliwerenga nyengo ya feteleza wotsika mtengo ikayandikira. Mfumu inalandira nkhukuyo ndi manja awiri, niti: "Mwachita bwino, mwana wanga, pakuti Lachiwiri mudzi wonse ukaumba njerwa za sukulu, ndipo akhansala atsopano adzabwera kudzaona."

Ndinawomba m'manja mwaulemu, ndi kuwadziwitsa Achalo kuti Lachiwiri limenelo ndili ndi zochita zofunika m'tauni.