Shawa ya Pampu Ikavuta

Shawa imene Angerezi amaitcha power shower ndi bokosi la pakhoma m'bafa, ndipo m'kati mwake muli pampu yamagetsi. Ntchito yake ndi kukankha madzi kuti atuluke mwamphamvu basi, siitenthetsa madzi. Apa m'pamene imasiyana ndi shawa yamagetsi wamba, ija imalandira madzi ozizira okha n'kuwatenthetsa yokha. Power shower imamwa m'mapaipi awiri. Madzi ozizira amatsika kuchokera m'thanki ya kudenga, otentha amachokera m'giza imene imakhala m'kabati. Imapezeka kwambiri m'nyumba zakale za ku Britain, kumene madzi a m'bafa amangotsetsereka okha kuchokera kudenga, moti popanda pampu amatuluka mwaulesi. Siilumikizidwa ku boyila ya combi, chifukwa madzi a boyila imeneyo amachokera mwachindunji m'paipi ya mumsewu ndipo amabwera ndi mphamvu yawo kale.

M'nyumba ina ku Luton shawa yotere inavuta Loweruka m'mawa, agogo ochokera ku Dedza atakhalako milungu itatu. Pampu inkalira mokweza, madzi akutuluka ofooka, pena ofunda pena ozizira. Mdzukulu wawo, amene anaphunzira ku Blantyre asanapite kunja, anatuluka m'bafa thovu lili m'makutu, foni ili m'manja.

"Amunanga," anatero agogo, poti mdzukulu wamwamuna amamutchula choncho, "m'bafamo mukupha mbuzi?"

"Ndi pampu, agogo. Musadandaule, ndiona pa intaneti."

"Madzi akuvuta m'bafa, iwe ukukawafuna m'foni?"

Choyamba kuyang'ana ndi magetsi. Shawa yotere imakhala ndi swichi yake, kawirikawiri kunja kwa bafa kapena yachingwe cholendewera kusiling'i, ndi fyuzi yaing'ono ya maampu 3. Pampu ikakhala chete, munthu amaona swichi imeneyi, kenako fyuzi, kenako bokosi lalikulu la magetsi, ngati kaswichi koteteza kotchedwa RCD kagwa. Mapampu ambiri amadzizimitsanso okha akatentha kwambiri, n'kudzayambanso akazizira.

Mdzukulu anawerenga zonsezi mokweza, n'kupita kukatsegula bokosi la magetsi.

"Ukufuna chiyani umo?"

"Ndikuona ngati magetsi akufika kupampu."

"Chinthu chikulira mpaka anansi kudzuka, iwe ukufunsa ngati chili moyo? Kusukulu kuja munkalipira zingati?"

Agogo ananena zoona. Pampu yolira ili ndi magetsi, ndiye vuto lili kumbali ya madzi.

Chachiwiri ndi mutu wa shawa ndi paipi yake yofewa. Luton ili m'dera la miyala ya choko la Chiltern Hills, ndipo madzi a kumeneko, monganso a ku London ndi madera ambiri a kumwera ndi kum'mawa kwa England, ali ndi laimu wambiri. Madzi otere akatenthedwa amasiya zoyera zolimba zimene zimatseka timabowo ta mutu wa shawa. Ku Manchester ndi ku Glasgow vutoli n'lochepa chifukwa madzi ake alibe laimu wochuluka. Kuyesa kwake n'kosavuta: mutu umamasulidwa, madzi n'kutsegulidwa papaipi yokha. Akatuluka mwamphamvu, wolakwa ndi mutuwo. Paipi yofewa nayo imatha kupindika kapena kuphwafuka m'kati kunja ikuoneka yabwinobwino.

Agogo anautenga mutuwo, n'kuukanda ndi chikhadabo.

"Izi n'zija zili m'ketulo yako. Ndinkayesa sutsuka. Kukanakhala kwathu ndikanachezera chidulo."

"Chidulo sichingathe, agogo. Laimu amasungunuka ndi zowawasa. Pakufunika viniga."

"Ndiye ungonena kuti mandimu. Viniga ndi mandimu a anthu ophunzira."

Zonse ziwiri zimagwira ntchito. Mutu umanyikidwa m'viniga woyera kwa ola limodzi kapena kuposerapo, kenako timabowo timatsukidwa ndi mswachi wakale. Wa ku Luton unatuluka ukuwala, koma paipi yokha ija inali itaonetsa kale kuti madzi ndi ofooka ngakhale popanda mutu.

Chachitatu ndi mpweya. Pampu yamtunduwu inapangidwira kukankha madzi, ndipo mpweya ukalowamo kachipupa kake kozungulira kamangozungulira pachabe, phokoso n'kukwera, madzi n'kumatuluka modukizaduka ngati munthu wotsokomola. Pampu ikayenda nthawi yaitali yopanda madzi, mphira zake zotsekera zimapsa, kenako imayamba kudontha.

"Apa akuti airlock," anatero mdzukulu. "Sindikudziwa kuti ndikufotokozereni bwanji m'Chichewa."

"Yameza mpweya."

"Mwadziwa bwanji?"

"Thiredo pampu ya kudimba ndinaipalasa zaka zingati? Ikameza mpweya umapalasa mpaka miyendo kuuma, dontho osatuluka. Umayamba waithira madzi kaye. Ndipo m'komiti ya mjigo ndinali msungichuma, iwe usanamere mano."

"Msungichuma sakonza mjigo, agogo."

"Amalipira wokonza, ndiye amayang'anitsitsa."

Mpweya umachotsedwa motere. Magetsi a pampu amazimitsidwa, mutu wa shawa umachotsedwa, paipi yofewa imagonekedwa pansi m'bafa, ndipo madzi amatsegulidwa kuti atsike okha, ozizira kaye kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako otentha, mpaka atasiya kulavula. Mpweya ukamabwerera kawirikawiri, zifukwa zake zimakhala ziwiri. China ndi giza yotentha mopitirira: madzi ake amayenera kukhala pa madigiri 60, kutentha kokwanira kupha tizilombo ta Legionella, koma akapitirira 65 amatulutsa thovu limene limawononga pampu. China ndi kalumikizidwe ka paipi pamwamba pa giza, pamene mpweya umasonkhana. Mapulambala amaikapo cholumikizira chapadera, monga Surrey flange, chimene chimatunga madzi chapansi pang'ono, pamene palibe thovu.

Mdzukulu anachita monga mwa malangizo. Ozizira anatsika bwino. Atatembenuzira kotentha, madzi anangoti tho, tho, tho.

"Ndi mbali yotentha," anatero, akusangalala ngati wapeza ndalama panjira. "Sefa yatsekeka."

"Mulinso sefa? Mumapeta madzi kuno?"

Paipi iliyonse pamene ikulowa m'bokosi la shawa pali kasefa kachitsulo kotchinga mchenga, dzimbiri ndi laimu. Kamodzi kakatsekeka, mbali imeneyo imafooka ndipo kutentha kumasinthasintha. Asanatsegule bokosi, munthu amazimitsa magetsi, chifukwa m'mashawa ambiri muli mavoti 230 ndipo iye waima pamalo onyowa, kenako amatseka madzi onse awiri. Sefa zikakhala zoyera, chokayikiridwa chotsatira ndi kachipangizo kosakaniza madzi, katiriji. M'mashawa ambiri kamasunga kutentha pamene munthu waika, ndipo kali ndi batani loimitsira pa madigiri 38 kuti mwana asapse. Laimu akakamata, madzi amatentha ndi kuzizira mwa okha, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi kugula kena.

"Katiriji ameneyo ndi ndalama zingati?" anafunsa agogo.

Mdzukulu anaonetsa mtengo pafoni. Agogo anafunsa kuti m'makwacha n'zingati, ndipo atauzidwa anakhala pansi.

"Usagule. Tandiuza, madzi otenthawo amachokera kuti?"

"M'kabati muja mumayanika zitenje zanu."

"Ndiye wapitako? Mtsinje ukaphwa anthu amakayang'ana kumtunda."

Kumtunda kwa shawa yotere kuli zinthu ziwiri. Kudenga kuli thanki, imene kawirikawiri imakhala ya malita pafupifupi 230, ndipo imadzaza kudzera pa valavu ya mpira woyandama, yofanana ndi ya m'thanki ya chimbudzi. Valavu imeneyo ikakakamira, thanki imatha msanga, pampu n'kuyamba kukoka mpweya, ndipo giza nayo imasowa madzi poti imamwa m'thanki yomweyo. M'kabati ya giza muli mavalavu otsekera, ambiri a iwo okhala ndi kagudumu kofiira. Kagudumu kotere kamatseka kakapotoledwa kumanja, kangapo, ndipo kakatsekedwa theka kamalola madzi ochepa kudutsa, okwanira kusamba m'manja pasinki koma osakwanira pampu.

Mdzukulu anachotsa zitenje ziwiri, duku ndi kathumba ka usipa kamene agogo ankaumitsa pagiza. Kagudumu ka paipi yodzazira giza kanali pafupi kutsekekeratu.

"Ndani wagwira apa?"

"Kofiirako? Ndine."

"Agogo!"

"Usiku wonse madzi amangoti kulukulu m'khomamo. Ndinati mwana uyu wasiya mpopi, bilu imupha. Ndinadzuka, ndinafufuza, ndinapeza, ndinatseka. Phokoso linatha."

"Phokosolo ndi la giza ikamadzaza. Nanga bwanji simunanene chiyambire m'mawa?"

"Unandifunsa? Unafunsa foni. Safunsa anadya phula."

"Inunso simunafunse musanatseke."

"Ine ndine mlendo."

Valavu yotere imatsegulidwa popotolera kumanzere mpaka kumapeto, kenako n'kubweza pang'ono kuti isadzakakamire. Yakale siikakamizidwa ndi sipanala, chifukwa kachitsulo ka m'kati kamathyoka, kagudumu n'kumangozungulira valavu ili yotseka. Ikatsegulidwa, mpweya umachotsedwanso monga poyamba paja, pampu isanayatsidwe. Ku Luton zitachitika zimenezi, pampu inabwerera ku kulira kwake kwa masiku onse ndipo madzi anatuluka mpaka kumenya khoma.

Pali mavuto ena amene mwini nyumba sawagwira. Pampu ikamangong'ung'udza osazungulira, ndiye kuti yagwidwa m'kati kapena kapasita yake yafa. Madzi akamadontha pansi pa bokosi, mphira zatha, ndipo magetsi ayenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo. RCD ikamagwa nthawi iliyonse shawa ikayatsidwa, ndiye kuti magetsi akuthawira kumene sakuyenera, mwina madzi afika pamawaya, ndipo kuikweza mobwerezabwereza n'kuika moyo pachiswe. Ku England ndi Wales, kuyambira mu 2005, gawo la malamulo a zomangamanga lotchedwa Part P limayang'anira ntchito zamagetsi m'nyumba, ndipo kuika mawaya atsopano pafupi ndi shawa kumafuna katswiri wovomerezeka kapena kudziwitsa khonsolo. Wochita lendi amauza mwini nyumba, poti kukonza zoterezi ndi udindo wa mwini nyumbayo.

"Ndiye ukanaitana pulambala," anatero agogo, "iye n'kubwera pagalimoto, n'kupotola kofiirako, n'kulandira ndalama?"

"Ndi yoitanira yomwe."

"Undipatse ine theka. Vuto ndalipeza ndine."

"Mwalipanganso ndinu."

"M'pake ndinalipeza msanga."

Chotsalira ndi kuchuluka kwa madzi. Power shower yabwino imatulutsa malita 12 mpaka 15 pa mphindi, kotero kusamba kwa mphindi khumi kumadya madzi oposa a bafa losambira lodzaza bwino, limene limatenga malita pafupifupi 80. Anthu atatu akasamba motsatizana, giza imazizira ndipo thanki imatsika mofulumira kuposa mmene ikudzazira, pampu n'kumezanso mpweya. Shawa ikamavuta kwa wosamba womaliza yekha, chifukwa chake chimakhala chimenechi.

Agogo anawerenga pazala.

"Mphindi khumi, ndowa zisanu ndi ziwiri. Munthu mmodzi. Iwe unasenzapo ndowa zisanu ndi ziwiri kuchokera kumjigo?"

"Kuno sitisenza, agogo."

"N'chifukwa chake mumaimba m'bafa."

Iwo anapitiriza kusamba monga anayambira tsiku lofika. Amaika ndowa ya malita 20 pansi pa shawa, imadzaza m'mphindi imodzi ndi theka, amatseka, n'kusamba ndi kapu.